Msoti Wanga ndi Ng'ombe ya Tiwonge

Ndinali ndi zaka khumi, pasukulu ina ya ku Kapichila, pamene aphunzitsi athu, a Zimba, analengeza mayeso a ntchito zamanja. Anati aliyense abweretse chinthu chopanga yekha. Koma mwambo wa pasukulupo tinkaudziwa: wobwera ndi mazira, mtedza kapena nkhuku ankakhoza kuposa woumba ndi woluka. Amayi sanavutike n'kuganiza. Anandigwirira msoti, n'kuumanga miyendo ndi luzi.

Tiwonge, mnzanga wa padesiki imodzi, anawakhulupirira aphunzitsi. Sabata yonse ankakumba dongo kudambo, ndipo anaumba ng'ombe ya bambo ake imene inafa chaka chimenecho: linunda lopendekeka, nyanga imodzi yothyoka, nthiti zoonekera. Anaiotcha m'ndowe zouma mpaka inafiira. Anthu a m'mudzi mwawo ataiona anaitchula dzina la ng'ombe yakufayo.

Tsiku la mayeso m'kalasi munkanunkha zitosi. A Zimba ananyamula msoti wanga, kuuyesa kulemera, kuupapasa pachifuwa, malovu ali m'kamwa.

"Yewo, mwana wanga," anatero pondithokoza. "Iwe uli na luso."

Tiwonge anagwada n'kupereka ng'ombe yake ndi manja awiri. Iwo anaitembenuza kamodzi kokha.

"Manje iyi nizaidya bwanji?"

Kalasi yonse inaseka. Inenso ndinaseka. Kunali mphepo, chitseko chinkamenyeka, choncho a Zimba anaiika pansi ng'ombe ija kuti ichigwire. Poweruka mutu unali utachoka. Tiwonge anatolera zidutswazo m'diresi mwake, osalira. Ine ndinakhala woyamba m'kalasi chifukwa cha nkhuku imene sindinaiwete n'komwe.

Sindinamuonenso akugwira dongo. Teremu yotsatira anabwera ndi mazira atatu m'kambale, ndipo anakhoza bwino.

Kwa zaka zambiri ndinkati a Zimba sanatiphunzitse kalikonse. Ndinkalakwa. Anatiphunzitsa, ndipo tinamva msanga, kuti wamkulu sumupatsa chimene manja ako adziwa koma chimene mimba yake ikufuna. Ana makumi anayi tinatuluka nalo phunziro limenelo, ena lero ali m'maofesi. Chondinyansa kwambiri n'chakuti m'kalasi monse munali mwana mmodzi yekha amene sankalidziwa, ndipo tinathandizana kumuphunzitsa.