Nasimbi ndi Munthu Wachinayi

Anzake a pa shopu yochapa zovala ankamutchula Nasimbi, chifukwa kwa zaka makumi awiri ndi zitatu simbi sinkachoka m'manja mwake. Ankasita m'kachipinda kakumbuyo kopanda zenera, momwe nthunzi inkayenderera m'makoma ngati thukuta. Kolala ya shati ankangoidutsa kawiri, basi yaima. Anzakewo ankaseka kuti atamupatsa nkhope ya abwana, makwinya onse atha tsiku lomwelo. Iye ankamwetulira mbali imodzi, poti mbali inayo kunalibe mano atatu.

Amene anagulula manowo anali amuna ake. Anali makaniko wodziwika, munthu wa nthabwala pa galaja, koma akangoponda pakhomo ankasanduka wina. Ankamumenyera mchere, ankamumenyera kulira kwa mwana, tsiku lina anamumenyera kuti wawayang'ana. Khutu lake lakumanzere linagontha chaka chimene anabereka mwana wachiwiri. Kawiri konse anamanga katundu, kawiri konse achibale anamubweza, ati banja ndi kupirira. Ana atakula anapita kutali, ndipo sankabwerabwera.

Kenako sitiroko inawagwira bambowo ali kunsi kwa galimoto ya kasitomala. Anatuluka m'chipatala mbali yakumanja itafa, pakamwa patapotoka, lilime litakana. Mchemwali wawo anabwera ndi paketi ya matewera a akuluakulu, n'kuuza Nasimbi kuti, mlamu, nthawi yoonetsa chikondi ndi inoyi. Atatero anakwera basi.

Ndiye m'mawa uliwonse Nasimbi ankawasambitsa, kuwasintha, kuwadyetsa, n'kuthamangira kuntchito. Masana ankabwerera kudzawatembenuza kuti asachite zilonda. Oyandikana nawo ankamuyamikira kuti akazi otere anatha kale. Sankaona mmene ankakhulira msana wa wodwalayo mpaka khungu kufiira, kapena mmene sipuni inkagogodera mano. Tsiku lina anawasiya dala m'zofunda zonyowa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo pobwera anaima pakhomo kwakanthawi, kuwayang'ana, mumtima muli zii.

Thupi lake linayamba kumuukira. M'mimba munkatentha ngati wameza khala, mutu unkawawa kumbuyoku, chakudya chinkamukana. Kuchipatala anamupatsa mapiritsi a zilonda za m'mimba ndi a kuthamanga kwa magazi, adokotala n'kuwonjezera kuti achepetse maganizo. Sabata yomweyo anawotcha diresi la kasitomala, koyamba chiyambire ntchito.

Lachisanu lililonse Nasimbi ankakapereka mikanjo yositasita ku kachisi wa anthu a chipembedzo cha Buda, misewu iwiri kuchokera pa shopu. Kachisiyo chinali chipinda chimodzi chabe pamwamba pa sitolo ya misomali ndi penti. Amene ankayang'anira malowo anali mayi wachikulire, wochepa thupi, wodzipereka ku chipembedzocho, amene anthu a mumsewumo ankangowatchula kuti Amayi Ometa, poti ankameta mpala. Lachisanu lina chizungulire chinamugwira Nasimbi pa masitepe, anakhala pansi mikanjo ili pamiyendo. Amayi Ometa anamupeza pomwepo, anamumwetsa madzi, n'kumulowetsa m'kati. Munali mphasa, mapilo okhalira, fungo la lubani, ndi chifanizo cha Buda chokhala chopinda miyendo.

Nasimbi ananeneratu kuti iye sagwadira zimenezo.

“Palibe akukupemphani kugwada, mayi,” anatero Amayi Ometa. “Ingopumani. Mpweya ukalowa, dziwani kuti walowa. Ukatuluka, dziwaninso kuti watuluka.”

Anapuma katatu, kachinayi maganizo anali atafika kale kunyumba, pa bedi lonunkha mkodzo lija. Atawauza, mayiwo anaseka pang'ono, nati mtima wa aliyense ndi wotero, suchedwa kudumpha mpanda.

“Mukaona kuti wathawa, ubwezeni mwaulemu. Musaumenye.”

Mawu omalizawo anamukhala m'khutu labwino lija mlungu wonse.

Kuyambira pamenepo akapereka mikanjo ankatsalira mphindi khumi, kenako makumi awiri. Amayi Ometa ankamukumbutsanso za mapiritsi, ati kupuma sikulowa m'malo mwa mankhwala. Patapita miyezi anamuphunzitsa pemphero la anthu anayi. Umayamba ndi iwe mwini, kenako amene umamukonda, kenako munthu wamba amene sumudziwa bwino, pomaliza amene anakulakwira. Kwa aliyense umanena mawu omwewo: akhale pa mtendere, asavutike, mantha amuchoke.

Kudzinenera yekha kunamuchititsa manyazi, ngati akuba. Kwa mwana wake wamkazi mawu anatuluka okha, misozi n'kutsatira. Wachitatu anasankha mayi wosesa mumsewu wa ku shopu. Wachinayi anali amuna ake.

“Ndimafuna afe,” anatero. Kenako anapukusa mutu. “Ndanama, amayi. Ndimafuna asafe msanga.”

Ankayembekezera kudzudzulidwa. Amayi Ometa anangomufunsa zaka zimene anakhala m'banjamo, ndipo atamva, anati azilekezera pa wachitatu, ngakhale zitatenga moyo wake wonse. Pemphero lokakamiza, anatero, limangosanduka bodza. Anamupempha chinthu chimodzi chokha, kuti akamasambitsa wodwalayo aziyang'ana manja ake, adziwe chimene akuchita pa nthawi imene akuchitayo.

Zinaoneka zosavuta mpaka m'mawa wotsatira. Atagwira mkono wa amuna ake kuti aupukute, anaona zala zake zikulowa m'mnofu, zikhadabo zitayera. Anakweza maso. Diso la bambowo linali pa dzanja lake, likuphethira msangamsanga, khosi litalowa m'mapewa. Nasimbi ankakudziwa kuphethira kumeneko, poti kale kunali kwake. Anapuma kamodzi, kawiri, zala zinamasuka. Chikondi sichinabwere. Chimene anamva ndi kutopa kwakukulu, kotero anakhala m'mphepete mwa bedi, thaulo likudontha pamiyendo.

Si masiku onse zinkatheka. Masiku ena ankazindikira sipuni itagogoda kale. Lachisanu ankakaulula, Amayi Ometa n'kungoti, mwaona, ndiye yambaninso. Pang'ono ndi pang'ono moto wa m'mimba unachepa, anayamba kumaliza mbale yake. Kuntchito ankapuma motsatira simbi, ikapita mpweya ulowe, ikabwerera utuluke, mpaka anzake ankamunena kuti wayamba kusita ngati akusisita mwana.

Anatero chaka ndi theka. Bambowo anadwala chibayo, anagonekedwa sabata imodzi, anawatulutsa akuoneka bwinoko. Lachiwiri lotsatira Nasimbi atabwera masana kudzawatembenuza anapeza atazizira, maso ali kudenga. Sanakuwe. Anatenthetsa madzi, n'kuwapukuta thupi lonse mosathamanga, kuyambira kumaso mpaka kuzala za kumapazi, anawaveka shati imene anaisita yekha, kenako anakagogoda kwa oyandikana nawo. Pamaliro amene analira kwambiri anali mlamu wake. Mwana wamwamuna sanabwere. Nasimbi misozi inakana, ndipo anthu anazinong'onezana.

Panadutsa milungu itatu asanakwerenso masitepe aja. Mawondo anali atayamba kuvuta, anapumira kawiri panjira. Amayi Ometa, amenenso anali atafooka, sanamufunse za maliro. Anakhala limodzi pa mapilo, kunsi kukumveka makina osakanizira penti.

Atatha kupuma kuja, Nasimbi ananena kuti bambowo apita iye asanawanenere mawu aja ngakhale kamodzi. Usiku ndi usana ankadzifunsa ngati ndi munthu woipa. Anafunsa ngati pempherolo limanenedwanso kwa munthu woti anamwalira.

“Limanenedwa,” anayankha Amayi Ometa. “Mukufuna tiyese lero?”

Nasimbi anapukusa mutu.

“Lero ayi.”

“Chabwino. Tiyambe ndi inu.”

Anatseka maso, nanena mawuwo kwa iye mwini, kwa mwana wake, ndi kwa mayi wosesa uja. Kenako anadzuka movutikira, anatolera mikanjo yakuda, n'kutsika masitepe atagwira khoma, poti ku shopu kunali mulu wa mashati ukumudikira.