Mizere ya Lamulungu

Geertje Boonstra anabadwira m'sitima yapamadzi, anakulira momwemo, ndipo atafuna banja anakwatiwanso ndi mwamuna wa sitima. Iye ndi mwamuna wakeyo, Wiebe, amanyamula mchenga, tirigu kapena feteleza pa mtsinje wa Rhine, kuchoka ku Rotterdam, m'dziko la Holland, kukwera mpaka ku Germany, kutsitsa katundu, n'kubwerera. Anthu a pamtsinjepo ukawafunsa za Geertje amangoti mayi uja wa pensulo kukhutu.

Chiyambire utsikana wake, tsiku silinkadutsa osajambula kanthu. M'mawa akamupatsa Wiebe khofi ndi buledi wa tchizi, ankakhala pambali pa chiwongolero, kope lili pamwendo, n'kumajambula chilichonse chimene mtsinje wabweretsa. Vuto lake, sitima sidikira munthu. Ukayamba mutu wa ng'ombe, pofika kumchira ng'ombeyo yatsala kale m'mbuyo. Geertje sankadandaula, ankangobwereka mchira wa ng'ombe ya mudzi wotsatira. N'chifukwa chake m'makope mwake muli matchalitchi a ku Holland oima pafupi ndi milatho ya ku Germany, ndipo Wiebe ankamuseka kuti munthu woyenda potsata zojambula zakezo akhoza kukakocheza m'munda wa mbatata.

Injini nayo inkajambula nawo. Ikamalira, sitima yonse inkanjenjemera, makapu, mawindo, ndi pensulo yomwe, choncho mizere ya Geertje inkatuluka ngati yolemba munthu wozizidwa. Yowongoka inali ya Lamulungu yokha. Wiebe ndi munthu wa tchalitchi wa mtundu wakale uja. Loweruka madzulo amamangirira sitima, kuzimitsa injini, ndipo mwini katundu kaya aimbe foni mpaka mawu kusasa, injiniyo siliranso mpaka Lolemba. Geertje ankalikonda tsiku limeneli. Ankajambula zinthu zofuna dzanja lodekha, monga zingwe, nthenga za bakha, ndi makwinya a mwamuna wake akuwodzera Baibulo lili pachifuwa.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Lamulungu lina ali ku Nijmegen, injini ili chete, Geertje anajambula chingwe cha sitima ndipo chinatuluka chonjenjemera ngati cha Lachitatu. Anafufuta, kuyambiranso, chimodzimodzi. Atayang'ana dzanja lake anaona chala chachikulu chikugwedezeka chokha. Dokotala wa kumtunda anamuuza dzina la matendawo, ndi kuti mankhwala ochepetsa alipo koma ochiza palibe.

Pensulo inachoka kukhutu. Geertje anabisa kope m'kabati pansi pa matawulo, n'kulengeza kuti kujambula ndi masewera a ana, iye wakula tsopano. Linali bodza lenileni. Ankaopa kuona dzanja lake likumuchititsa manyazi papepala. Sitima inkadutsa ng'ombe ndi milatho, iye maso ali m'kapu ya khofi. Wiebe, amene mawu ake sachuluka, anayesa kumunyengerera kuti m'kati mwa sabata palibe angasiyanitse, koma anauzidwa kuti mwini dzanja akusiyanitsa, ndipo iye asamale chiwongolero chake. Zinamupweteka bamboyo. Anazolowera kukhala ndi munthu pambali womulamula kuti achepetse liwiro chifukwa cha ng'ombe, ndipo popanda munthu ameneyo mtsinje unatalika.

Nyengo yotentha inatha choncho. Lamulungu lina anamangirira sitima pakati pa sitima za anzawo a mpingo umodzi. Pochokera kopemphera, Wiebe sanavule n'komwe jekete. Anatulutsa kope lija pansi pa matawulo, kuliika patebulo pamodzi ndi pensulo, n'kutuluka. Posakhalitsa makapu anayamba kugundana m'kabati. Injini inali kulira, Lamulungu masana, sitima ili chimangire. Pa sitima yoyandikana nayo mkulu wa mpingo anasuzumira pawindo, kukamwa kuli yasa.

"Wiebe, wazungulira mutu kodi?" anafunsa Geertje mwamunayo atalowanso. "Lero ndi Lamulungu."

"Ndikudziwa, kutchalitchi tinali limodzi." Anakoka mpando n'kukhala moyang'anana naye. "Ikunjenjemera ndi sitimayi, si iwe ayi. Tajambula nkhalamba yakoyi asanaichotse mumpingo."

Geertje anafuna kukalipa. Koma anaona makutu a mwamuna wake atafiira ndi manyazi, munthu amene chikwatiranire sanagwirepo injini tsiku la Mulungu, ndipo misozi inalengeza m'maso mwake. Anatola pensulo. Anayambira makutu omwewo, kenako mphuno, kenako maso amene ankathawira kuwindo kuli mkulu wa mpingo kuja. Mizere inkanjenjemera, ndipo panalibe wodziwa kuti uwu ndi wa injini, uwu ndi wa dzanja.

Atafika pachibwano anaweramuka.

"Kazimitse, anthu apume," anatero. "Ukabwera ukhale mmene unakhalira, ndipo usagwedezeke. Wogwedezeka m'nyumba muno akhale mmodzi."

Injini inazima, makapu anakhala chete, koma dzanja silinasiye. Geertje analiyang'ana kanthawi ngati mwana wosamva amene ndi wako ndithu, n'kupitiriza. Jekete yonse, kolala ndi mabatani, anaijambula m'chete mmenemo.

Lero pensulo ili kukhutu ngati kale, ndipo ng'ombe za pa Rhine zikubwerekanabe michira. Ukatsegula makope atsopano sungadziwenso kuti Lamulungu ndi liti, masiku onse anafanana. Chithunzi chija anachipachika pafupi ndi chiwongolero. Wiebe amauza aliyense wobwera kuti nkhope anathandizana ndi injini, n'chifukwa chake makutu anakula, koma jekete ndi ya mkazi wake yekha, ndipo ndi imene inatuluka bwino.