Mwana amene anatuluka m'chikuta kudzera pa foni

Mundikhululukire poti ndalimba mtima kugwira cholembera. Ine si wolemba mabuku ayi. Sukulu yanga ndi ya pamudzi pompano, ndipo ngakhale m'kalasi sindinali wokweza mkono. Aphunzitsi akandiloza, mawu ankandithawa. Koma nkhani iyi yakhala ikundivuta mumtima, ndiye ndinapita kwa achemwali anga kukapempha kuti ndiilembe. Iwo anati, "Lemba, koma usatchule dzina la munthu." N'chifukwa chake muno mulibe maina.

Achemwali angawo ndi oyamba kubadwa m'nyumba mwathu, ine ndine wotsiriza. Anakhala pabanja zaka zisanu opanda mwana. Kuno ku Domasi anthu sakufunsa pamaso, koma ukamadutsa pamjigo macheza amaduka, ndipo umadziwa wekha kuti amakamba za iwe. Mimba itabwera, achemwali sanauze munthu. Anasiya kupita kumsika, chitenje ankachimanga m'mwamba, ndipo wina akafunsa chifukwa chake sakuoneka kumunda wa mpunga, amayi ankangoti, "Msana." Alamu anga anali atapita ku Joni kukasaka maganyu mimbayo ili yaing'ono. Ponyamuka anandisiyira foni yawo yakale, yosweka galasi pakona, chifukwa kafoni ka achemwali n'ka mabatani, sikajambula.

Mwana anabadwa Lachisanu, wamwamuna. Amayi analulutira m'chipatala mpaka anamwino anawauza kuti pali odwala ena. Loweruka tinabwera naye kunyumba ndipo analowa m'chikuta. Kwathu zimatero: mwana ndi mayi ake amakhala m'chipinda osatuluka, alendo osalowa, mpaka mchombo utagwa. Olowamo tinali awiri okha, amayi ndi ine. Ine ndinkapititsa madzi ofunda ndi phala, ndipo ndikatula ndinkachedwa dala kutuluka. Uthenga wa kuchimuna, ku Malosa, woyenera kukaupereka anali amalume monga ankhoswe, ndipo iwo anati apita Lachiwiri akamaliza kumweta mpunga wawo.

Lamulungu masana alamu anaimba. "Alamu, mukundimana mnyamatayo? Ndijambulireni, tulo sindikupeza kuno!"

Ndinakafunsa achemwali. Anaganiza pang'ono, kenako anavundukula kansalu kumaso kwa mwana. "Bambo ake okha. Wamva?"

"Ndamva, achemwali."

Ndinajambula, ndinatumiza, alamu anaimbanso akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Kenako ndinakakhala pakhonde n'kumayang'ana chithunzicho. Katsitsi kambiri, kankhonya kali patsaya. Ine amene pagulu sindiyankhula, pafoni ndimamasuka, chifukwa palibe amene amandiyang'ana m'maso. Ndinaika chithunzicho pa sitetasi, paja pamene aliyense amene ali ndi nambala yako amaona, ndipo pansi pake ndinalemba kuti, "Ndine mayi wamng'ono tsopano. Mulungu ndi wabwino."

Ndinene zoona: mawu a achemwali ndinawamva, koma chimwemwe chinawaphimba. Ndipo za chikutazo, m'mutu mwanga ndinkati lamulo lake ndi la chitseko. Palibe amene walowa, palibe amene wagwira mwana. Sindinaganize kuti ndamutulutsa ndi dzanja langa.

Lolemba m'mawa amayi atatu opita kumunda anaima pampanda pathu zikwakwa zili m'manja, n'kuyamba kululutira. "Tamuona! Tamuona mlendo! Koma tsitsi lija, ee!"

Amayi anga anagwetsa tsache. "Mwamuona kuti?"

"Pafoni ya mwana wanga, ndi mwana wanuyu watipatsa."

Anaseka, anavina pang'ono, napitirira. Ine ndinatula ndowa pansi. Achemwali anandiitana m'chipinda muja. Sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandipweteka kwambiri.

"Ndinati bambo ake okha."

"Pepani, achemwali."

"Zaka zisanu anthu akhala akundiyang'ana pamimba. Ndimafuna sabata imodzi yokha yoti mwanayu ndimuyang'ane ndekha." Anamufunditsa bwinobwino. "Pita ukamutenge konse kumene wamusiya. Usanatero, muno usalowenso. Madzi azibweretsa amayi."

Chithunzicho ndinachichotsa nthawi yomweyo, koma ndisanatero ndinaona mndandanda wa amene anachiona. Anali anthu makumi awiri ndi atatu. Ndinawalemba kumapeto kwa kope langa lakale la sukulu. Kuona kokha sikunali vuto lalikulu. Vuto linali amene anachisunga m'mafoni mwawo. Ndinalibe mayunitsi oimbira onsewo, komanso ndinkaona kuti kupepesa kwa pafoni n'kopepuka. Ndinabwereka njinga ya amalume.

Ambiri anali apafupi, anzanga a kukwaya ndi a kusukulu. Khomo lililonse ndinkafika, kuodira, kupereka moni wonse, kufunsa za ana ndi za mpunga, kenako n'kuyamba kuzungulira ngati nkhuku yofuna poikira dzira. Ena ankandithandiza okha. "Wabwerera mwana uja eti?" Ndipo aliyense, ngakhale mmodzi wosaphonya, ankanena mawu omwewo: "Dikira kaye ndimuonenso kamodzi." Ankamuyang'ana, kumuyamikira, kukangana kuti wafanana ndi ndani, kenako n'kufufuta ine ndikuona. Pena ankandipatsa nzimbe, pena mbatata yootcha. Tsiku loyambalo ndinabwerera kunyumba ndi nthochi pakaliyala ngati ndachokera kumsika, amayi n'kundifunsa kuti, "Kodi unapita kukapepesa kapena kukagula?"

Lachiwiri ndinapalasa mpaka ku Naisi, kwa mnzanga amene timaimba naye mawu apamwamba kukwaya. Iye ndi wosiyana nane, pakamwa pake sipauma. Ndinamupeza akuchapa. Nditafotokoza, anapukuta manja n'kundionetsa foni yake. Mwana wa achemwali anali pakati pa maluwa ofiira, pamwamba pali nkhunda, pansi pali vesi.

"Ndamukongoletsa. Ndaponya kale kugulupu ya kwaya."

M'gulupu ya pafoniyo muli anthu ambiri, ena anasamukira kutali.

"Chonde, fufuta. Uwauzenso enawo."

"Iwe, unaika wekha. Ndinaba ine? Chikalowa mufoni mwanga ndi changa, ndichita nacho chimene ndikufuna. Si ufulu umenewo? Ndipo ndanena choipa chanji? Vesi ndi choipa?"

Sindidziwa kumene mawu anachokera, koma anatuluka. "Foni ndi yako, vesi ndi labwino. Koma nkhopeyo si yako, si yanganso. Mwini wake sanayambe kuyankhula, ndipo amayi ake anakana. Ukafuna kukongoletsa, kongoletsa nkhope yanga, ndakulola."

Anandiyang'ana kukamwa kuli yasa, kenako anaseka mpaka anakhala pansi. "Mayo ine! Lero bubu wayankhula! Nkhope yakoyo maluwa angafote." Anafufuta. Koma za gulupu anakana kundinenera. "Mlandu ndi wako. Yankhula wekha, ndikujambula mawu."

Tinajambula kanayi. Koyamba ndinangoti "Moni nonse" n'kukhala chete. Kachiwiri tambala analira pafupi. Kachitatu iye anaseka. Kachinayi ndinatseka maso n'kunena zonse: kuti ndinalakwa, kuti mwana akadali m'chikuta, kuti amene ali ndi chithunzicho afufute ndipo asatumizenso kwina. Tisanamalize kuyanika zovala, mayankho anayamba kugwa. "Tafufuta, mayi wamng'ono." "Zatheka, koma mudzatiitane pa tsiku lake." Oyang'anira kwaya analemba kuti, "Kodi mawu amphamvu chonchi muli nawo? Lamulungu muimba nokha ndime yoyamba." Ndinapempha kuti asatero.

Nditafika kunyumba ndinapeza amalume abwera kuchokera ku Malosa, nkhope ili yolemera. Anali atavala jekete, atakwera minibasi, atakonza mawu onse a uthenga. Atangokhala pampando, apongozi a achemwali anawauza kuti, "Ngati ndi za mnyamata wa tsitsi lambiri, tinamva kale."

"Ndachita manyazi ngati wobweretsa mvula ya dzulo," amalume anatero. "Mawa upite wekha."

Ndinapita Lachitatu. Njira yonse ndinkabwereza mawu opepesa, koma nditaona nyumba yawo onse anabalalika. Mayiwo ndi aakulu thupi, a mawu okuluwika, ndipo akakwiya amasakaniza ndi Chilomwe. Ndinawapeza akutong'ola chimanga pamkeka. Ndinatsamiritsa njinga patali, ndinagwada.

"Ndiwe wojambula uja?"

"Ndine, amayi."

"Mdzukulu wanga woyamba wa mwana wanga wamwamuna, ndikamumvere pamsika? Mayi wogulitsa tomato kundiitana, akuti bwerani muone, uyu si wa kwanu uyu? Ine kuima pamenepo ngati mlendo, anthu akundiuza za magazi anga."

"Ndinalakwa ndine, amayi. Achemwali sanadziwe, amalumenso sanadziwe. Musawakwiyire iwo."

Anapitiriza kutong'ola, osandiyang'ana. Patapita nthawi anandikankhira chisononkho chodzadza. "Manja amenewo amangodziwa foni basi?" Ndinayamba kutong'ola nawo. Tinadzadza lichero limodzi.

"Wa tomato uja ndinamuuza afufute pomwepo," anatero. "Ndinati mwana wa m'chikuta sakhala pakati pa tomato. Ndiye usavutike kumufuna." Kenako anatsitsa mawu. "Mufoni mwakomo alimo?"

"Alimo, amayi. Ndikuonetseni?"

Anatambasula dzanja, kenako analibweza msanga. "Ayi. Ndikamuona ndi maso angawa tsiku lake. Pamsika paja ndinangoona pang'ono, dzuwa linkawala pagalasi." Anatola chimanga china. "Koma mphuno ija ndi ya kwathu. Ukawauze amayi ako asayambe kulimbana nazo."

Ndinaseka mosafuna, iwonso anaseka, thupi lonse kugwedezeka. Pobwerera anandimangira nkhuku pakaliyala, yoti achemwali amwe msuzi, ndipo inandilirira njira yonse mpaka ku Domasi.

Madzulo a tsiku limenelo ndinakhala pansi kunja kwa chitseko cha chikuta, kope lili m'manja. Ndikanatha kunena kuti zonse zatheka, chifukwa maina onse makumi awiri ndi atatu ndinali nditawadula mzere. Koma ndinali nditaona kale kuti wa tomato uja sanali pa mndandanda wanga, ndipo sindinkadziwa amene anamutumizira.

"Achemwali, onse amene ndikuwadziwa afufuta. Koma chinadutsa m'manja ena amene sindikuwadziwa. Ndayesetsa, koma sindinganene kuti ndamutenga konse. Mwina sindidzathanso."

Ndinkangomva kamwana kakuyamwa.

"Mufoni mwako?"

"Ndafufuta pobwera. Chatsala kwa alamu okha."

"Chabwino. Pita ukathandize amayi kusosola nkhukuyo."

Sanati lowa. Lachinayi ndi Lachisanu madzi ankapititsabe amayi, ine ndinkangowasiyira pakhomo n'kumvetsera pang'ono. Lachisanu lomwelo amayi anatuluka akumwetulira n'kundinong'oneza kuti mchombo wagwa.

Loweruka kunadzadza. Apongozi anafika ndi minibasi yoyamba, atasenza thumba la ufa. Amayi a kumpingo anabwera, a kwaya anabwera osaitanidwa, mnzanga wa ku Naisi ali patsogolo. Anayala mikeka pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinadzibisa kukhitchini, ndikutsuka mbale zotsukatsuka kale. Kenako amayi anga anaima pakhomo. "Iwe, akukuitana."

Ndinalowa m'chipinda muja koyamba chichokereni Lolemba. Mwana anali atametedwa tsitsi lija, atavala kamalaya koyera, atasintha moti ndikanakumana naye pena sindikanamuzindikira. Achemwali anandiyang'ana m'manja.

"Foni ili kuti?"

"Ndaisiya m'chikwama, achemwali. Ndaizimitsa."

"Tambasula manja." Anamuika m'manja mwanga, wofunda, wopepuka ngati mtolo wa thonje. "Unamutulutsa koyamba osandifunsa. Lero ndakutuma ndine. Yenda pang'onopang'ono, pakhomopo pali chitsa."

Ndinatuluka naye. Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje. Apongozi anadzuka pamkeka ngati mtsikana, anamulandira, anamuyang'ana mphuno, natembenukira kwa amayi. "Ndinanena ine!" Amayi anati makutu ndi a kwathu, ndipo mkangano umenewo sunathe mpaka lero. A kwaya anayamba nyimbo, ena anatulutsa mafoni, koma mnzanga uja anakweza dzanja n'kukuwa kuti, "Mafoni m'matumba! Funsani kaye eni ake, mungatiyendetsere mayi wamng'ono pa njinga sabata ina!" Anthu anaseka, achemwali anaseka mpaka kupukuta misozi, ndipo anati kujambula ayi, aliyense amuone ndi maso. Pambuyo pa pemphero anandiitana kuti ndikhale pambali pawo, tinadyera mbale imodzi.

Nkhaniyi inathera pamenepo, Loweruka, pa 18 Meyi, chaka cha 2024.