Galimoto Inakana Njira ya ku Chiparamba

Dandaulo langa loyamba ndinalipereka kwa mlembi wa bungwe lathu la maliro Lolemba lotsatira maliro a mayi Naphiri. Kope lake ndili nalo. Yankho sindinalandirebe.

Ntchito yoyendetsa galimoto ya bungweli ndinaipeza nditapuma pa ukalaliki wa pasukulu. Wapampando anandipeza ndili pansi pa galimoto yanga ndikusintha mabuleki, nati, "A Sakala, yathu ija ikufuna munthu ngati inu." Ndinavomera, koma ndinaneneratu kuti makaniko wina asaigwire. Oyilo, mapulagi, sefa ya petulo, zonse ndinkasintha ndekha, ndipo malisiti ake ndinasunga. Palibe chinkandikoma ngati kupukuta manja injini ikulira bwino chifukwa cha sipanala yanga.

Tsikulo tinanyamula thupi la mayi Naphiri kumochale dzuwa lili pamutu. Amuna awo, bambo Daka, anali atalowola, choncho manda anakumbidwa kwawo ku Chiparamba. Abale a malemu ankafuna ku Chipangali, kumudzi kwa mayi awo, koma anagonja.

Nditangokhotera njira ya ku Chiparamba, injini inazima. Sinatsokomole n'komwe, inangoti zii. Amayi kumbuyo anasiya nyimbo. Ndinatsegula boneti. Batire inali ndi mphamvu, mafyuzi onse anali abwino. Ndinamasula paipi, petulo anatuluka. Ndinachotsa pulagi n'kuigunditsa ku injini, moto unathetheka. Sitata inkazungulira, koma injini osadzuka.

"Achimwene, tsekani chitsulocho," anatero mkulu wake wa malemu, mayi wamtali amene sanalire njira yonse. "Sakufuna."

"Mayi, ine ndinaphunzira ku mishoni," ndinayankha.

"Nayenso anaphunzira komweko. Tembenuzani galimoto."

Azibambo anaikankha mpaka inayang'ana kumene tinachokera. Nditangopotokola kiyi, inalira. Pamalopo palibe chitunda kapena kutsetsereka, ndinabwererako kukaona. Ndinakhoteranso ku Chiparamba, chifukwa ndiko ananditumako. Inazima pomwe paja. Galimoto itaima kale, bokosi limene ndinalimanga ndekha ndi chingwe linagunda chitsulo cha kumbuyo kwa mpando wanga. Kamodzi kokha.

Bambo Daka anatsika, anasanjika dzanja pa bokosi, nati chapansipansi, "Chabwino, amake mwana. Tiye kwanu." Mpaka ku Chipangali injini sinadodome. Manda a ku Chiparamba anakwiriramo thunthu la nthochi.

M'mawa mwake ndinaphwasula kabuleta pa mkeka. Munalibe ngakhale kachitsotso. Koma akomiti, poopa mkwiyo wa akuchimuna, analemba kuti galimoto inafa chifukwa cha kusasamala kwa dalaivala, n'kundilanda makiyi. Atatu mwa amene anasaina anakankha nawo galimotoyo ndi manja awo.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti pali zina sipanala sizifika, ndipo zikachitika, anthu amafuna wamoyo woti amuloze chala.

Choncho ndikupempha akomiti, mwaulemu, andiyankhe polemba msonkhano waukulu usanachitike. Anditchulire chipangizo chimene chinawonongeka tsiku lija. Ngati palibe, afufute mawu aja pa dzina langa, ndipo alembe chimene tonse tinamva kumbuyo kwa mpando wanga.