Dzino la Mayi Eveles ndi Nandolo wa ku Jenala

Mayi Eveles ankagula nandolo pansi pa mtengo wa mango ku Jenala ndi kukagulitsa ku Limbe. Zida zawo zinali ziwiri: sikelo ndi dzino lakutsogolo. Mlimi akabwera ndi thumba, iwo ankatapa njere imodzi n'kuiluma. Ikalira kuti kha, nandolo ndi wouma. Ikaphwanyika mwakachetechete, ndi wamuwisi, ndipo wamuwisi amawola asanafike ku Limbe.

M'chaka cha 2003 anagwa pa njinga, dzino lija n'kubenthuka theka. Dokotala wa mano ku Blantyre analimata ndi simenti yoyera, n'kuiumitsa ndi katochi kabuluu. Linakongola kuposa anzake onse.

"Koma musamalumire zolimba," anatero dokotala.

"Ayi ndithu," anayankha mayi Eveles.

Simentiyo inatha masabata asanu ndi limodzi. Yachiwiri inatha anayi. Ulendo wachitatu dokotala anayang'ana m'kamwamo nthawi yaitali.

"Mayi, kodi kwanuko mumadya miyala?"

"Sindidya, adokotala. Ndimangoluma."

"Pomata patsala pang'ono. Ikachokanso iyi, dzinoli tizula."

Pobwerera pa matola anaiganizira nkhaniyo, ndipo m'mawa mwake anayamba lamulo latsopano: mwini thumba aziluma yekha, iwo azimvetsera. Alimi anadandaula kuti nawonso mano awo sanagule kusitolo, komabe ankaluma. Mayi Eveles ankatchera khutu pafupi ndi tsaya la munthu. Miyezi iwiri inadutsa, dzino lili mbee.

Tsiku lina masana kunabwera a Makina, mkulu wa ku Nazombe, ndi matumba asanu ndi anayi pangolo. Katundu wotere mayi Eveles anali asanamuonepo chaka chimenecho. Msika unali utabalalika, ndipo patsidya pa msewu wogula wina anali atayamba kale kuwakodola a Makina.

"Lumani, agogo, ndimve."

A Makina anayasama. M'kamwamo munali usinini wokhawokha.

"Mwana wanga, ine nsawa amachita kundisinjira. Luma wekha, mano oyera ngati amenewo ukusungira ukwati?"

"Ndi wouma koma?"

"Mkazi wanga akuti ndi wouma. Koma naye mano alibe."

Wa patsidya uja anakodolanso. Mayi Eveles anayang'ana matumba aja, anatapa njere, naizunguza m'manja. Anayesa kuikankhira ku mano akumbuyo, koma zaka khumi ndi ziwiri za ntchito sizimva malangizo. Njere inapita pamalo pake.

Kha!

Analavulira m'dzanja tinthu titatu: tiwiri tanandolo, kamodzi koyera.

"Ndi wouma," anatero atagwira pakamwa. "Kwezani pasikelo."