Bedi Loloza Kukhomo ku Thamesmead

Mable Kachingwe akalowa m'nyumba yachilendo sayamba ndi kuyamikira makatani monga timachitira enafe. Amaima pakhomo, chikwama chili kukhwapa, n'kumayang'ana uku ndi uku ngati munthu amene wamva fungo la gasi. Kenako amapempha kuona kuchipinda. Mwini nyumba akamati pepani sindinayale, iye amakhala atafika kale. Chimene amafuna kudziwa n'chimodzi basi: munthu akagona pabedipo, miyendo yake imaloza kuti.

Ine ndine Ellen, nesi, ndipo Mable ndamudziwa kuyambira tili atsikana kwathu ku Ntcheu. Tinatsogozana kubwera kuno ku London, ine 2003, iye chaka chotsatira, amuna ake a Felton n'kumutsatira pambuyo ndi mwana wawo Taonga. Kunena zoona, Mable amene ndinakula naye sanali wa zoopa. Anali mtsikana wodutsa kumanda masanasana akudya nzimbe. Zimene ndikufotokozazi anazitola kuntchito.

Ankagwira panyumba ina yosungira okalamba ku Barking. Kumeneko kunabwera gogo wina wochokera ku Hong Kong, Mayi Cheung, amene anakana kugona pabedi masiku atatu. Ankagona pampando, akulozaloza chitseko. Anzake a Mable anangoti ndi ukalamba, mutu wasokonekera. Mable, poti ndi munthu wosatha kuona wina akuvutika, anatembenuza bedilo kuti liyang'ane kukhoma. Gogoyo anakwera yekha n'kugona mpaka kum'dzutsa.

Ubwenzi unayambira pamenepo. Gogoyo anamuphunzitsa nzeru ya kwawo yotchedwa feng shui, ya kasankhidwe ka nyumba ndi kaikidwe ka katundu. Ankati m'nyumba mumayenda mpweya wa moyo monga amayendera madzi m'ngalande, ndipo ukautsekera umaola, ukausiyira njira yowongoka umathawa. Khomo la kumaso lisaonane ndi la kuseri. Galasi lisayang'ane pogona. Koma lamulo lalikulu linali lakuti munthu wamoyo sagona miyendo italoza kukhomo, pakuti umo ndi momwe amatulutsira maliro. Mable ankangoseka, n'kumatifotokozera ngati nthabwala.

Ndiye anapita kutchuthi cha sabata imodzi. Atabwerako anapeza chipinda chija chili mbee, matiresi ataimikidwa kukhoma. Otsuka pansi anali atabweza bedi momwe linalili poyamba, ndipo gogoyo anamwalira patangopita masiku awiri. Ine ndinamuuza kuti munthu wa zaka 91 safuna thandizo la bedi kuti afe. Ndinamuuzanso kuti panyumba ya okalamba aliyense amafa, kaya aloze kukhomo, kuwindo kapena kudenga. Kuyambira tsiku limenelo nthabwala ija inatha.

Mbiri yake inafala pakati pa Amalawi a kuno. Munthu akapeza fulati ya lendi ku Ilford kapena ku Barking, asanasaine ankayamba waitana Mable. Abusa athu analalikirapo Lamulungu lina, osatchula dzina, akuti mapanga awiri avumbwitsa, Mkhristu asamatsirike nyumba ndi nzeru za akunja. Tonse tinaweramitsa mitu. Lachiwiri lake amayi busa anamuimbira foni mwakachetechete kuti akawaonere kuchipinda.

Inenso ndinalawako. Ndinapeza fulati yabwino ku Ilford, mphindi zisanu kupita pokwerera sitima, lendi yake yomveka. Mable anaima pakhomo, n'kuona kuti msewu wina ukubwera molunjika nyumbayo ngati mkondo. Anakana ngakhale kulowa. Ndinakwiya, ndinam'nena kuti wasanduka sing'anga wa jekete, koma fulatiyo sindinaitenge. Mpaka lero zimandinyansa kuti ndinamumvera, ine munthu wophunzira za mankhwala.

Yakeyake anaisankha ataona nyumba khumi ndi imodzi. Inali ku Thamesmead, kumene sitima sifika, kumene umakwera basi mpaka kuiwala kumene ukupita. Koma kumaso kwake kunali kanyanja kokumba, kuseri kuli chinyumba chachitali cha simenti, ndipo Mable anati madzi kutsogolo, phiri kumbuyo, nyumba yakwana. A Felton, amene ankalondera pamalo ena osungira katundu, anadandaula kuti phiri la mkazi wawo lili ndi zikepe zokwerera m'mwamba zakufa ndiponso likuwatchinga dzuwa. Anadandaula zaka khumi ndi ziwiri, koma bedi lawo m'chipinda cham'mwamba linaloza kukhoma, ndipo m'nyumbamo simunalowe matenda oposa chimfine. Taonga anakula, anamaliza yunivesite, n'kukapeza ntchito ku Leeds. Mable ankanena zimenezi ngati umboni.

Chaka chatha, mwezi wa Febuluwale, a Felton anagwa pamalo odikirira basi. Inali sitiroko. Mbali yonse ya kumanja inafa, pakamwa panapotoka, mawu ankatuluka limodzilimodzi movutikira. Anakhala m'chipatala miyezi inayi. Atayamba kupezako bwino, madokotala anati njira zilipo ziwiri: abwerere kunyumba ngati nyumbayo ili yoyenera, apo ayi apite kunyumba yosungira okalamba. Mable wagwira m'nyumba zimenezo zaka makumi awiri. Amadziwa kuti mwamuna wa zaka 58 akalowa mmenemo amaikidwa pampando kutsogolo kwa TV, ndipo satulukanso. Analumbira kuti amuna ake sakapondako.

Woona ngati nyumba ili yoyenera anali Fiona, mzungu wamtali wa kukhonsolo, waulemu koma wosapindika. Anabwera ndi tepi yoyezera. Masitepe anawakana nthawi yomweyo, choncho a Felton anayenera kugona pabalaza. Balazalo ndi lopapatiza, lalitali, ndipo khomo la panja limatsekukira momwemo. Fiona anayeza, nayezanso. Bedi la chipatala limafuna magetsi, ndipo makina onyamulira wodwala amafuna mpata mbali zonse ziwiri. Malo oyenera anali amodzi okha: mutu kukhoma la kukhitchini, miyendo kulunjika kukhomo.

Ndinalipo tsiku limenelo. Ndinaona nkhope ya Mable ikuchita mdima. Anafunsa ngati bedilo silingakhale cham'mbali, pakona. Fiona anafotokoza modekha kuti pakonapo makina sangalowe, ndipo popanda makinawo sangasaine kuti a Felton atuluke m'chipatala. Mable anayankha kuti chabwino, palibe vuto. Fiona anamwetulira n'kulemba. Ine sindinamukhulupirire, chifukwa "chabwino" wa kwathu ndimam'dziwa. Ndi uja timayankha akuluakulu tikafuna kuti achoke.

A Felton anabwera Lachinayi masana. Aambulansi atangotseka chitseko, Mable anamasula mabuleki a bedi, pakuti mabedi amenewa ali ndi mateyala, n'kulikankhira pakona, mwamuna wake ali pomwepo. Makina onyamulira aja anawaimika kuseri kwa chitseko n'kumayanikapo matawulo. Osamalira odwala amene ankatumizidwa m'mawa anali ana a kwathu okhala konkuno, atsikana amene amamutcha anti, ena anawaphunzitsa ntchito ndi iyeyo. Ndani mwa iwo akanam'nenera munthu wamkulu? Ankasambitsa a Felton pabedi pomwepo n'kulemba m'buku kuti zonse zili bwino. Tsiku loti Fiona abwera, bedi linkabwerera pakati, matawulo n'kuchotsedwa.

Kuwachotsa a Felton pabedi kupita panjinga yawo, Mable ankachita yekha ndi manja. Ankawakumbatira m'khwapa, n'kuwerenga mpaka katatu, n'kudzutsa. A Felton ndi munthu wa thupi. Kuntchito Mable akanapeza wina akunyamula wodwala chonchi akanamulembera lipoti tsiku lomwelo. Ndinamuuza kawiri. Kachitatu ndinakalipa, ndinati wakutsina khutu ndi mnansi, tsiku lina udzamugwetsa munthuyu.

"Ellen, iwe ndi nurse, umawaona akulowa," anatero. "Ine ndimawaona akutuluka. Ndawerenga. Sindingamugoneke Felton ready-ready ngati ndikudikira a funeral."

Ndiyenera kuvomera kuti nanenso, nditaona bedi lija lili pakati, mapazi a alamu anga atatuluka m'bulangete kuyang'ana chitseko, thupi linachita tsemwe. Zinthu izi ukazimva kamodzi sizichoka m'mutu.

Zinachitika Loweruka lina mu Ogasiti, cha m'ma 2 koloko masana. Ndinapita ndi matemba amene wina anabwera nawo kuchokera kumudzi. Ndili kukhitchini ndinamva Mable akuwerenga, wani, thuu, ndiyeno phokoso lolemera ngati thumba la chimanga lagwa pangolo. Nditathamangira ndinapeza onse awiri ali pansi. Msana wa Mable unali utakana pakati pa ntchito. A Felton anagwera mbali yakufa ija, mutu unamenya chitsulo cha bedi, magazi akutsika pachipumi. Maso awo anali otsekula, akuyang'ana kudenga, osalankhula.

Ndinatulutsa foni. Mable, ali chigonere pansi, anandigwira mwendo.

"Usaimbe. Ellen, chonde. Akaona bedi amutenga."

Ndinaimba. Anandiyang'ana ndi maso amene sindidzawaiwala, koma ndinaimba. Munthu womwa mankhwala osungunula magazi akamenya mutu sudikira kuti uone. Aambulansi anafika, anaona bedi pakona, anaona matawulo pamakina. Anangolemba.

Mwamwayi kuchipatala anapeza kuti m'kati mwa mutu simunatuluke magazi. Anawasoka n'kuwasunga masiku asanu. Mable sanandilankhule masiku onsewo. Tsiku loti a Felton abwerere kunyumba anandiimbira, osapereka moni, n'kungoti Fiona akubwera 11 koloko, ubwere, pakuti ndiwe unayambitsa.

Fiona sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anakhala pampando, fayilo ili pamiyendo, n'kunena kuti akumvetsa kuti anthu ali ndi zikhulupiriro zawo, koma ntchito yake ndi kuona kuti a Felton asagwenso. Malo anali atapezeka kale panyumba ina ya okalamba, ndipo akanatha kupita Lolemba. Njira ina inali yakuti bedi likhale pamene anayeza, osasunthanso, ndipo azibwera osanena tsiku. Anati asankhe lero.

Mable anayamba kufotokoza za Mayi Cheung, za mpweya wa m'nyumba, za anthu amene anawawerenga. Chingerezi chinamuthera pakamwa, n'kuyamba kulira. Anatembenukira kwa ine n'kunena m'Chichewa kuti akamuika pakati amupha, akamupereka amuphanso, nanga atani. Ndinamumvera chisoni kwambiri, mkwiyo wanga wonse unathera pomwepo.

A Felton anali panjinga yawo pafupi ndi windo, bandeji ili pachipumi. Chiyambire matendawa tinazolowera kulankhula za iwo ngati palibe. Anamenya chogwirira cha njinga ndi dzanja lamanzere mpaka tonse tinacheuka. Mawu anatenga nthawi kuti atuluke, ndipo palibe amene anawathandiza.

"Amake Taonga. Kutuluka... ndidzatuluka ndithu. Tonse." Anapuma, malovu akutsika, Mable n'kuwapukuta. "Koma pakhomo langa. Osati la eni."

Fiona anandifunsa kuti anena chiyani. Ndinamuuza kuti akuti akhala.

Mable anadzuka, atagwira msana, n'kupita pakona. Ndinafuna kumuthandiza koma anandikankha dzanja. Anakoka bedi lija yekha mpaka pakati pa balaza, mutu kukhoma la kukhitchini, n'kuponda mabuleki onse anayi, limodzilimodzi. Anachotsa matawulo, ndipo iye ndi ine tinawakweza a Felton ndi makina monga mwa malamulo. Atagona, mapazi awo analoza chitseko ndendende. Mable anawafunditsa bulangete n'kulipinda pansi pa matiresi mwamphamvu. Fiona anasaina.

Papita miyezi isanu ndi inayi tsopano. A Felton alipo, akudya, mawu akuwonjezekera pang'onopang'ono. Mable anasiya kuonera anthu nyumba. Wina akamuimbira amangoti gonani momwe mwafunira. Kuntchito sanabwererenso. Anatenga mpando wa kukhitchini, wouma uja, n'kuuika pakati pa bedi ndi chitseko, ndipo ndi pamene amakhala tsiku lonse, msana wowawawo uli kukhomo, nkhope ili kwa mwamuna wake. Amadyera pomwepo. Wobwera aliyense amayenera kumuzungulira kuti alowe.

Tsiku lina ndinafika osamuuza n'kugogoda. Mkati munali zii. Ndinagogodanso, ndipo ndinamva mpando ukukhwekhwereza, kenako mawu a Mable, otsika, akufunsa kuti ndani, mwabwera kudzatenga ndani. Nditatchula dzina langa panapita nthawi asanatsekule. Masiku ano ndikamapita ku Thamesmead ndimayamba ndaimba foni ndili m'basi, ndipo ndikafika ndimaima panja mpaka atsekule yekha.