Mtengo Wopingasa wa Amalume

Unali mtengo wa bulugama wopaka laimu, wopingasa pa migolo iwili pamene basi ya ku Nyimba inkaima pa Kacholola. Amalume ndiwo ankaukweza ndi kuutsitsa. Wopanda khadi la chipani sakwela basi, salowa mumsika. Lelo dzina lawo lili pa chikwangwani cha sukulu, ati anamenyela ufulu. Mdzukulu wanga analoweza ndakatulo yowatamanda, ine n'kumvetsela mpaka kumapeto, kukamwa kuli tsekee. Mwana sasunga nkhani, ndipo ana a amalume akadalipo.

Anthu a nthawi imeneyo ankawadziwa bwino. Pamaso ankati “a tcheyamani,” mawondo pansi; akangopotoloka, malovu pansi. Ufulu umene anamenyela sindinauone ine. Ndinaona akumenya nkhalamba yogulitsa nthochi.

Chaka chimenecho, m'nyengo yozizila, chikuku chinalowa m'mudzi. Kamlongo kanga kanatentha thupi masiku atatu, maso omatana ndi manthongo, mpweya ukulila ngati chitseko chakale. Amai anakabeleka kuti akakwele basi ya kuchipatala, ine pambuyo ndi botolo la madzi. Khadi lawo linali la chaka chatha. Anagwadila mlongo wawo yemwe, pafumbi, dalaivala akuliza hutala.

“Chipani chilibe mlongo,” anatelo amalume, mokweza kuti a m'basi amve.

Basi inapita. Amene anaima kutithandiza anali aphunzitsi, munthu amene mudzi wonse unkamunena kuti ngwamwano chifukwa sankavina pamisonkhano. Ine anandibweza kunyumba, amai n'kuwakweza panjinga, kupalasa ndi kukankha zitunda zonse zija. Anafika kuchipatala dzuwa litapendeka. Mwana anatsilizika pa benchi, asanamulembe n'komwe. Aphunzitsiwo anawasamutsa chaka chisanathe. Funsani lelo, palibe angakuuzeni dzina lawo. Olemba mbili amakafunsa amene anali pampando, ndiye mukuti angamve chiyani?

Pamalilo amalume anabwela ndi gulu lawo la chipani, nalankhula nthawi yaitali za kutaya mtsogoleli wa mawa. Pakamwa anali napo, zimenezo sindingawamane. Ine, wa zaka zisanu ndi ziwili, ndinatukula chifuwa kuti anzanga aone kuti munthu wamkulu chotele ngwathu. Ndinayamba kuwomba m'manja. Amai anandigwila dzanja nalifinya mpaka zala kuchita dzanzi, maso ali pa kabokosi. Ndinalila, ndipo masiku ambili ndinawasungila mkwiyo, poganiza kuti akuchitila nsanje mlongo wawo.